Mmene Mungakonzere Ulendo wa Tsiku Limodzi Wokaona Phiri la Batur ndi Akachisi a Madzi ku Bali

Alendo ambiri amene amafika pa chilumba cha Bali, m'dziko la Indonesia, amalipira ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Kintamani, ndipo ena amabwerako madzulo atajambula nkhungu yokhayokha m'malo mwa phiri, atatheranso maola abwino m'masitolo a zosemasema amene sanapemphe kuti awaone. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi kasanjidwe ka ulendowo, chifukwa maulendo ambiri okonzedweratu amayambira kumunsi n'kukafika pamwamba dzuwa lili paliwombo, nthawi imene mitambo imakhala itayamba kale kuphimba chigwa. Ine ndikulangizani kuti muyambire pamwamba m'mamawa, pamene pali phiri lophulika la Batur ndi nyanja yake, kenako muzitsika motsatira madzi mpaka ku akasupe ndi minda ya mpunga ya ku Tampaksiring. Mukatero mudzaona phiri kunja kukali koyera, ndipo malo alionse amene mudzaimapo adzakuthandizani kumvetsa malo otsatirawo, popeza kwa anthu a ku Bali phiri, nyanja, kachisi ndi munda ndi nkhani imodzi.

Kusankha tsiku

Nyengo za ku Bali sizisiyana kwambiri ndi zathu, pakuti mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene miyezi ya Epulo mpaka Okutobala imakhala youma, ndipo imeneyi ndiyo miyezi imene mungadalire kuti phiri lioneka. M'nyengo ya dzinja ulendowu umathekabe, koma kulawirira kumafunika koposa. Musanatchule tsiku, fufuzani ngati silikugwirizana ndi Nyepi, chaka chatsopano cha Ahindu a ku Bali chimene nthawi zambiri chimachitika mu Malichi. Pa tsikuli palibe amene amaloledwa kuyenda mumsewu kwa maola 24, ndipo ngakhale bwalo la ndege la Ngurah Rai limatsekedwa.

Onaninso mmene phiri lilili pa nthawiyo. Bungwe la boma loyang'anira mapiri ophulika, la PVMBG, limalengeza uthenga wake pa intaneti kudzera pa MAGMA Indonesia, ndipo limagwiritsa ntchito milingo inayi: Normal, Waspada, Siaga ndi Awas, kuyambira pamene zinthu zili bwino kufikira pamene ngozi yayandikira. Batur linaphulika komaliza mu 2000, koma phiri loyandikana nalo la Agung linalavula phulusa pakati pa 2017 ndi 2019 mpaka kusokoneza maulendo a ndege, choncho kufufuzaku si mwambo chabe. Dziwaninso kuti kuyambira pa 14 Febuluwale 2024 mlendo aliyense wochokera kunja amalipira msonkho wa ndalama zokwana 150,000 rupiah polowa ku Bali. Sungani umboni wa malipirowo m'foni.

Kugwirizana ndi wokuperekezani

Pano ndi pamene ulendo umakomera kapena kuipira, ndipo ndi bwino kuthera nthawi yokwanira pa zimenezi. Ku Bali kuli madalaivala ambiri amene amanyamula alendo tsiku lonse, kulinso operekeza alendo amene anaphunzira ntchitoyi ndipo ali ndi chiphaso, ambiri mwa iwo ali m'bungwe lotchedwa HPI. Dalaivala wamba adzakufikitsani pachipata n'kutsala m'galimoto, pamene woperekeza weniweni amalowa nanu m'kachisi, amakuuzani poyenera kuima ndi posayenera kuponda, amayankhanso mafunso anu. Pa ulendo wa akachisi atatu ngati uwu, ndalama yowonjezera ya woperekeza wodziwa ntchito siipita pachabe. Funsani mosabisa mawu ngati munthuyo adzalowa nanu, ndiponso ngati amalankhula Chingerezi chimene mungamve bwino.

Mukagwirizana, lembani zonse pa WhatsApp kuti pasadzakhale kukangana: ola lonyamukira, malo onse motsatana kwake, ola lobwerera, mtengo wonse, komanso ngati mtengowo ukuphatikiza mafuta, malipiro oimika galimoto, matikiti olowera ndi chakudya chamasana. Lembani mayina a malo mokwanira, chifukwa pali mayina ofanana amene amasokoneza anthu. Kachisi amene mukufuna ndi Pura Ulun Danu Batur wa ku Kintamani, osati Pura Ulun Danu Bratan wa ku Bedugul amene ali pa nyanja ina kutali kumadzulo, ndipo Gunung Kawi amene mukufuna ndi wa ku Tampaksiring, osati wa ku Sebatu.

Nenani msanga ngati simukufuna kuima m'masitolo. Madalaivala ambiri amalandirako kangachepe akabweretsa ogula kwa osula siliva, osema mitengo kapena ogulitsa khofi, ndipo ichi ndi mbali ya malipiro awo, kotero amene wachotsa masitolo pa ulendo ayenera kuvomera mtengo wokwererapo pang'ono popanda kunyinyirika. Malo amodzi amene ndingakupempheni kuti muwaganizire mofatsa ndi minda yolawitsa khofi wotchedwa kopi luwak, amene amapangidwa ndi njere zimene zadutsa m'mimba mwa kanyama kofanana ndi fungwe. M'malo ambiri tinyamati timasungidwa m'zikwere zopanikiza kuti alendo atione. Ku Kintamani kumalimidwa khofi wabwino wa mtundu wa arabica, ndipo mungathe kugula ameneyo popanda kulimbikitsa nkhanza zimenezi.

Pali kanthu kena kakang'ono kothandiza. Mabanja ambiri a ku Bali amatchula ana motsatira kubadwa kwawo, woyamba Wayan, wachiwiri Made, wachitatu Nyoman ndipo wachinayi Ketut, choncho pamalo oimika galimoto mungapeze madalaivala angapo a dzina limodzi. Jambulani nambala ya galimoto yanu musananyamuke. Poitana bambo nenani Pak patsogolo pa dzina lake, ndipo mayi mumutchule Bu, monga mmene ife sititchulira munthu wamkulu dzina lokha.

Zoyenera kunyamula

Tengani juzi kapena jekete yopepuka, chifukwa Kintamani ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo m'mawa kumazizira ngakhale kumunsi kukutentha. Valani nsapato zosaterera ndi malaya obisa mapewa. Aliyense wolowa m'kachisi, mwamuna kapena mkazi, amavala nsalu yofika kumapazi ndi lamba wansalu m'chiuno. Zimenezi zimabwerekedwa pachipata, koma chitenje chimene munachokera nacho kumudzi chimagwira bwino ntchito yomweyo, ndipo mungangowonjezera kansalu kopyapyala komangira m'chiuno. Ngati mukufuna kudzalowa m'madzi ku Tirta Empul, ikani m'chikwama thaulo ndi zovala zosinthira. Ndalama zikhale zapamanja ndiponso zing'onozing'ono, pakuti m'malo ena ogulitsira matikiti, m'zimbudzi zolipira ndi m'misika khadi ya kubanki siigwira ntchito.

M'mawa: Penelokan

Ngati mwagona m'tauni ya Ubud, nyamukani 7 koloko isanakwane, popeza msewu wokwera ku Kintamani umatenga ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Amene agona kum'mwera, ku Kuta kapena ku Seminyak, awonjezere ola lina, ndipo ayembekezere kuchuluka kwa magalimoto pobwerera. Mukamayandikira pamwamba mudzadutsa minda ya malalanje, ndipo pamsewu pali pamalo polipirira ndalama yolowera m'dera la Kintamani. Sungani tikiti imeneyo tsiku lonse.

Dzina loti Penelokan limatanthauza malo oonera, ndipo mukatsika m'galimoto mudzamvetsa chifukwa chake. Mudzakhala mwaima pamilomo pa chigwa chachikulu chozungulira, cha makilomita pafupifupi 13 m'litali ndi 10 m'lifupi, chimene chinapangika zaka pafupifupi 29,000 zapitazo pamene phiri lalikulu lakale linaphulika n'kutitimira mkati mwake. Phiri la Batur limene likuoneka patsogolo panu, lotalika mamita 1,717, ndi mwana amene anamera pakati pa chigwacho pambuyo pake. Kudzanja lamanja kuli nyanja ya Batur, yooneka ngati mwezi wongokhala kumene, yomwe ndi yaikulu kuposa nyanja zonse za pachilumbachi, ndipo pamwamba pake pali phiri la Abang limene ndi mbali yotsala ya milomo ya chigwa. Musafulumire kujambula n'kuchoka. Pemphani wokuperekezani kuti akulozereni chidera chakuda chimene chili m'munsi mwa phiri, chomwe ndi chiphalaphala chouma cha kuphulika kwa zaka za m'ma 1900, kuphatikizapo kwa mu 1963, ndipo muone mmene minda ya anyezi ndi tomato yafikira m'mphepete mwenimweni mwa miyala yakudayo. Phulusa lomwelo limene limakwirira midzi ndi limene limanenepetsa nthaka, n'chifukwa chake anthu sanachoke m'chigwamo.

Kutsidya la nyanja, patsinde pa Abang, kuli mudzi wa Trunyan, kumene anthu ake saika maliro m'manda koma amagoneka mitembo pansi pafupi ndi mtengo waukulu wotchedwa taru menyan. Ena adzakuuzani kuti mukaoneko, koma ulendowo umafuna boti ndi maola angapo, ndipo sungakwane m'tsiku limeneli. N'chimodzimodzinso kukwera phiri la Batur kukaona kutuluka kwa dzuwa, kumene kumayamba usiku cha m'ma 3 kapena 4 koloko. Umenewo ndi ulendo wina wa tsiku lakelake. Ngati mwapeza nkhungu itaphimba, musataye mtima msanga, lowani kaye m'nyumba yosungiramo mbiri ya phiri, ya Museum Geopark Batur, imene ili pomwepo, chifukwa mitambo ya kumapiri imatha kutseguka pakapita mphindi zochepa. Dera limeneli linalowa m'gulu la malo a miyala ndi mapiri odziwika ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2012, ndipo linali loyamba m'dziko la Indonesia.

Ogulitsa malonda pamalopa amakakamira ndithu. Ngati simukufuna kugula, musagwire katundu wawo, ingomwetulirani n'kunena terima kasih, kutanthauza zikomo. Agalu a m'misewu musawasisite, chifukwa matenda a chiwewe alipo ku Bali kuyambira mu 2008.

Kachisi wa mwini nyanja

Kuchoka pa Penelokan, yendani mphindi zochepa pa galimoto m'mphepete mwa chigwa kufikira pa Pura Ulun Danu Batur. Maulendo ambiri amamudumpha kachisi ameneyu, ndipo ine ndimaona kuti kutero n'kutaya mutu wa nkhani yonse. Poyamba kachisiyu ndi mudzi wa Batur zinali pansi m'chigwa, patsinde pa phiri, mpaka mu 1926 pamene chiphalaphala chinakwirira mudziwo. Anthu anapulumutsa zopatulika zimene anatha kunyamula n'kukamanganso mudzi ndi kachisi pamwamba pomwe zili lero. Pa akachisi onse a ku Bali, ameneyu amawerengedwa wachiwiri kwa kachisi wamkulu wa Besakih, ndipo ndi wa Dewi Danu, mulungu wamkazi wa nyanja, amene nsanja yake ya madenga 11 osanjikizana ndiyo yaitali kwambiri m'bwalo lamkati.

Musanalowe, mangani nsalu ndi lamba, ndipo mverani malamulo amene wokuperekezani adzakuuzeni. Mayi amene ali kumwezi, munthu amene ali ndi bala lotuluka magazi, ndi amene waferedwa posachedwa saloledwa kulowa. Palibe amene adzakufufuzeni, kotero kusunga lamuloli kuli pa chikumbumtima chanu, ndipo amene sangalowe angathe kudikira kunja popanda kufotokoza chifukwa. Pansi mudzaona timbale ting'onoting'ono ta masamba a mgwalangwa tokhala ndi maluwa ndi lubani, totchedwa canang sari. Imeneyi ndi nsembe ya tsiku ndi tsiku, ndiye yang'anani poponda. Musadutse kutsogolo kwa anthu amene akupemphera, musaime pamalo okwera kuposa wansembe, musakwere pa zipupa kapena pa maguwa kuti mujambulitse, ndipo polandira kapena kupereka chinthu gwiritsani ntchito dzanja lamanja. Kachisi wa ku Bali amakhala ndi mabwalo atatu, lakunja, lapakati ndi lamkati, ndipo pofika pa chipata cha lamkati funsani kaye ngati alendo akuloledwa tsiku limenelo.

Funso lofunika kumufunsa wokuperekezani pano ndi lokhudza subak. Nyanja ya Batur ilibe mtsinje wotulukamo umene ungauone ndi maso, koma alimi a ku Bali amakhulupirira kuti madzi ake amayenda pansi pa nthaka n'kukatumphuka mu akasupe amene amathirira minda yawo. Subak ndi bungwe la alimi amene amamwera ngalande imodzi. Amasonkhana pa kachisi wawo wa madzi, motsogoleredwa ndi mkulu wotchedwa pekaseh, n'kugwirizana za tsiku lobzala, kagawidwe ka madzi ndi nthawi yogoneka minda, ndipo mabungwe ambirimbiri otere amatumiza nsembe zawo ku kachisi wa Batur n'kutengako madzi opatulika. M'zaka za m'ma 1970 boma linalimbikitsa mbewu za mpunga zocha msanga ndi kubzala mosalekeza, aliyense pa nthawi yake, ndipo zotsatira zake zinali kuchuluka kwa tizilombo towononga mbewu ndi kuperewera kwa madzi. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu J. Stephen Lansing, pamodzi ndi mnzake James Kremer, anaonetsa pogwiritsa ntchito kompyuta kuti kalendala ya akachisi inkagwira ntchito yeniyeni, pakuti minda yoyandikana ikagonekedwa pa nthawi imodzi tizilombo timasowa chakudya, ndipo madera akabzala mosinthana madzi amakwanira onse. Aliyense amene anaonapo mikangano ya madzi pa sikimu ya ulimi wamthirira adzaima m'bwalo limeneli ndi chidwi china. Mu 2012 UNESCO inaika dongosolo la subak pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo kachisiyu, nyanja ya Batur ndi chigwa cha mtsinje wa Pakerisan, kumene mukupita masana, zonse zili m'gulu limenelo.

Chakudya chamasana

Idyani msanga, 12 koloko isanakwane, mabasi akuluakulu asanafike. M'mphepete mwa chigwa muli malo odyera ambiri oyang'ana kuphiri, ndipo ena amagulitsa malo okhala kuposa chakudya, choncho funsani mtengo musanakhale pansi, ndiponso ngati msonkho uli kale mumtengomo. Chakudya chodziwika cha kuno ndi mujair nyat-nyat, nsomba ya m'nyanja yophikidwa ndi zokometsera mpaka msuzi utauma. Nsomba ya mujair kwawo kwenikweni ndi mitsinje ya kum'mwera chakum'mawa kwa Africa, ndipo ndi mbale wake wa chambo, kotero kukoma kwake sikudzakhala kwachilendo, kupatula tsabola amene amamuthira mosaumira. Muuzeni wokuperekezani kuti nayenso akadye, ndipo mugwirizane mphindi zokumananso.

Tirta Empul

Kutsika kuchokera ku Kintamani kufika ku Tampaksiring kumatenga pafupifupi theka la ola kapena kuposerapo. Tirta Empul ndi kachisi womangidwa pa kasupe, ndipo mbiri yake imayambira mu 962, m'nthawi ya mafumu a banja la Warmadewa. Nthano ya kumeneko imati mfumu yoipa Mayadenawa inathira poizoni m'madzi n'kudwalitsa ankhondo a mulungu Indra, ndipo Indra anabaya nthaka n'kutulutsa kasupe amene anawachiritsa. Nyumba imene ikuoneka pa chitunda pamwamba pa kachisi ndi nyumba ya boma imene inamangidwa m'nthawi ya pulezidenti woyamba wa Indonesia, Sukarno.

Anthu amabwera kuno kudzachita mwambo wodziyeretsa wotchedwa melukat, posamba pa mipope yamiyala imene yandandalikidwa m'maiwe. Alendo amaloledwa kuchita nawo, koma muyenera kudziwa kuti uku ndi kupembedza, si kusamba kochotsa thukuta. Ngati chikhulupiriro chanu, kaya ndinu Mkhristu kapena Msilamu, sichikulolani, palibe amene adzakukakamizeni, ndipo kuonera mwaulemu muli pambali n'kokwanira. Ngati mwasankha kulowa, bwerekani nsalu yapadera yosambira, chifukwa imene munavala pachipata siyenera kulowa m'madzi, tsekerani katundu wanu m'kabati yolipira, ndipo perekani kansembe ka maluwa monga mmene angakusonyezereni. Kenako lowani pamzere, kuyambira kumanzere kupita kumanja, mukuweramitsa mutu pansi pa mpope uliwonse. Pali mipope ina imene madzi ake ndi a miyambo ya maliro okha, ndipo imeneyo imadumphidwa. Apa ndi pamene woperekeza wodziwa ntchito amafunikira kwambiri, chifukwa kungotsanzira mlendo mnzanu amene ali patsogolo kungakulakwitseni. Madziwo ndi ozizira, pansi pali miyala yoterera, ndipo ndi bwino kusawameza.

Mukavala zouma, pitani kubwalo lamkati mukaone kasupe mwini wake, dziwe loyera mbee limene pansi pake mchenga wakuda umabwadamuka pamene madzi akutuluka. Ambiri amangothera pa mipope osafika pamenepa, chonsecho ndi pamene madzi onse aja akuchokera, asanatsikire mumtsinje wa Pakerisan. Masana anthu amachuluka, kotero patulani ola limodzi ndi theka. Njira yotulukira imadutsa mumsika wautali wa nsalu ndi zosemasema, kumene kunenerera mtengo n'kololedwa, bola kuchitike mwachifatse ndipo mugule mukagwirizana.

Gunung Kawi ndi ulendo wobwerera

Pamtunda wa mphindi zochepa kumunsi kwa mtsinje womwewo kuli Gunung Kawi. Kuti mufike muyenera kutsika masitepe pafupifupi 300 pakati pa minda ya mpunga yosanjikizana, ndipo masitepe omwewo mudzawakweranso pobwerera, choncho amene ali ndi vuto la maondo kapena la mtima aganize bwino asanayambe. Pamene mukutsika, yang'anani ngalande zing'onozing'ono za m'mbali mwa njira ndi mmene madzi amagawidwira kuchoka m'munda wina kulowa m'munda wina. Imeneyo ndiyo subak imene munamva m'mawa, ikugwira ntchito pamaso panu.

Pansi, mbali zonse ziwiri za mtsinje, pali zipilala zosemedwa m'thanthwe lenilenilo, chilichonse m'phanga lake lotalika pafupifupi mamita 7, zisanu kutsidya lina ndi zinayi kutsidya linalo, pamene chachikhumi chili pachokha chapatali. Zinasemedwa m'zaka za m'ma 1000, ndipo akatswiri amazigwirizanitsa ndi mfumu Anak Wungsu, mwana wa mfumu Udayana. Anthu a kumeneko amasimba kuti chimphona chotchedwa Kebo Iwa chinazisema ndi zikhadabo usiku umodzi wokha. Pafupi pali tizipinda tosemedwa m'mwala mmene munkakhala anthu odzipatula kuti azipemphera, ndipo polowa m'menemo mumavula nsapato. Malo ano amakhala achete kuposa Tirta Empul, ndipo ngati nthawi yatsala, ndi pano pamene muyenera kuithera.

Yambani kukwera masitepe 4 koloko isanakwane, mukupuma pamene mwatopa, ndipo madzi a kokonati amene amagulitsidwa m'njira amathandiza. Ngati mphamvu zikadalipo, phanga la Goa Gajah, limene maiwe ake akale osambiramo anafukulidwa mu 1954, lili pafupi ndi msewu wolowera ku Ubud, koma musadzikakamize, chifukwa ku Bali dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse ndipo misewu yolowera m'tauni imadzaza madzulo. Mukafika pogona, onani m'galimoto ngati simunasiye nsalu yonyowa kapena foni, perekani ndalama zimene munagwirizana muli poyera mukuziwerenga pamodzi, ndipo ngati maola anapitirira amene munalemba, lipirani owonjezerawo musanafunsidwe. Kuwonjezerapo kangachepe kothokoza si lamulo koma kumayamikiridwa, ndipo mukamapereka ndi dzanja lamanja nenani suksma, amene ndi mawu a zikomo m'chinenero cha anthu a ku Bali.